Mapepala Akale a Pakhoma ndi Malonda a Nyumba

 Nkhani yathu ikuchokera ku Britain, ndipo ikukhudza chinthu chimene ambiri a ife sitinakule nacho, ngakhale kuti abale athu amene anakhazikika m'mizinda monga Leicester, Manchester ndi Glasgow amachiona tsiku ndi tsiku. Ndikunena za mapepala okongoletsera makoma a m'kati mwa nyumba, amene eni dzikolo amawatcha wallpaper. Inu amene munalowapo m'chipinda chomatidwa manyuzipepala kapena makalendala akale ndi phala la ufa, mwayandikira kale kumvetsa chimene ndikutanthauza. Kusiyana kwake ndi kwakuti mapepala a ku Britain amapangidwira ntchito imeneyi ku fakitale, amakhala ndi maluwa ndi mizere yosindikizidwa, ndipo amagulitsidwa m'mipukutu, uliwonse wa mamita pafupifupi 10 m'litali ndi masentimita 53 m'lifupi.

Funso limene tilingalire pamodzi ndi ili. Munthu wakhala m'nyumba yake zaka 20 kapena 30, kapena mwina yamugwera monga chuma cha masiye, ndipo tsopano wafuna kuigulitsa. Makoma ake avala maluwa akuluakulu ofiirira ndi achikasu amene anali okondedwa m'zaka za m'ma 1970, koma lero aliyense wolowa pakhomo amayamba wawayang'ana asanapereke ndi moni womwe. Kodi mwini nyumbayo awachotse, awapake utoto pamwamba, kapena awasiye monga ali? Nkhaniyi ingamveke yaing'ono, komatu kwa mabanja ambiri nyumba ndicho chuma chachikulu koposa chimene adzagulitse m'moyo wawo wonse, ndipo kulakwitsa pamenepa kumadya ndalama, kumachedwetsa malonda, ndiponso nthawi zina kumaononga thanzi la ana a m'nyumbamo. Chimene ndikufuna mugwire madzulo ano ndi chakuti yankho lake limapezeka pa khoma lenilenilo, kuseri kwa pepala. Amene wayamba wadziwa za khoma lake sasowa chochita ndi pepalalo.

Chiyambi cha mwambowu

Kuti timvetse chifukwa chake nyumba za ku Britain zili ndi mapepala ochuluka chotere, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Kachidutswa kakale koposa kamene kamadziwika ku England kanapezeka mu 1911 pa mitanda ya nyumba ina ya Christ's College ku Cambridge, ndipo kanasindikizidwa cha mu 1509. Pofika nthawi ya Mfumukazi Anne mapepalawa anali atafala mokwanira kuti boma liwaikire msonkho mu 1712, ndipo msonkhowo unakhalapo kufikira 1836. Utangochotsedwa, cha m'ma 1840, a fakitale ya Potter m'tauni ya Darwen ku Lancashire anayamba kusindikiza mapepala ndi makina m'malo mwa manja. Mtengo unatsika kwambiri, kotero kuti ngakhale anthu ogwira ntchito m'mafakitale, okhala m'tinyumba togundizana m'mizere, anayamba kumata makoma awo.

Nyumba za nthawi imeneyo zinali kutenthedwa ndi malasha, ndipo utsi sunali kuchedwa kudetsa makoma. Popeza kuchotsa pepala lakale ndi ntchito yowawa, ambiri ankangomata latsopano pamwamba pa lakale. Mbadwo wotsatira unachita chimodzimodzi. Ndicho chifukwa chake m'nyumba yomangidwa m'masiku a Mfumukazi Victoria munthu akang'amba pepala limodzi amapeza lina, ndi linanso pansi pake, monga masamba a anyezi.

Pali mitundu itatu imene wogulitsa nyumba amakumana nayo kawirikawiri. Woyamba ndi Anaglypta, pepala lochindikala la maluwa otumphuka, limene linayamba kupangidwa mu 1887. Wachiwiri ndi umene Angerezi amautcha woodchip, pepala lokhala ndi tizidutswa ta mtengo m'kati mwake, limene Hugo Erfurt wa ku Germany analitulukira mu 1864, ndipo linadzaza nyumba za ku Britain m'zaka za m'ma 1970. Wachitatu ndi vinyl, pepala lokutidwa ndi pulasitiki, limene linafala kuyambira m'ma 1960 makamaka m'makhitchini ndi m'mabafa chifukwa limapukutika ndi nsalu yonyowa. Tsono apa pali mfundo yofunika. Mitundu iwiri yoyambayo anthu ankaikonda chifukwa inali kubisa ming'alu ndi mabampu a pakhoma, ndipo wachitatuwo salola chinyezi kutuluka. Ogula nyumba amadziwa zimenezi.

Chimene wogula amaona

Masiku ano wogula amayamba kuona nyumba pa zithunzi za pa intaneti, pa malo otsatsira malonda monga Rightmove, amene anayamba mu 2000. Amadutsa nyumba zambiri m'mphindi zochepa, ndipo chipinda cha maluwa akuda chimaoneka chopanikiza ndi chamdima pa chithunzi kuposa mmene chilili. Ena sabwera n'komwe kudzaona. Amene wabwera amayamba kuwerengera mumtima: masiku angati ochotsa mapepala, ndalama zingati za mmisiri wa pulasitala, nanga chobisika pansi pake n'chiyani? Popeza funso lomalizali sangathe kuliyankha, amadziteteza potsitsa mtengo umene akulonjeza, ndipo munthu amene ali ndi mantha amatsitsa kuposa mmene ntchitoyo ikanadyera. Makolo athu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula nyumba aliyense, kaya mwambiwu anaumvapo kaya ayi, amalowa pakhomo ali ndi maganizo omwewo.

Pambuyo pa wogula pamabwera katswiri woyendera nyumba. Ku England ndi ku Wales wogula ndiye amamulemba ntchito, ndipo kufikira tsiku limene maloya a mbali ziwirizo asinthana mapangano osainidwa, wogulayo ali ndi ufulu wotsitsa mtengo kapena kusiya malondawo. Ku Scotland, kuyambira mu Disembala 2008, wogulitsa ndiye ayenera kupereka lipoti lotchedwa Home Report, m'mene muli zimene katswiri wapeza. Kulikonseko katswiriyo amabwera ndi kachipangizo koyezera chinyezi, nakagunditsa pakhoma. Kachipangizoko sikasamala za kukongola kwa maluwa, ndipo utoto watsopano sukanamiza.

Kufunsa khoma

Safunsa anadya phula. Musanagule chida chilichonse kapena kuitana mmisiri, khalani ndi tsiku limodzi lofufuza makoma a chipinda chilichonse. Sankhani pangodya pobisika, monga kuseri kwa chitseko kapena kwa kabati ya zovala, ndipo tukulani pepalalo ndi nsonga ya mpeni. Werengani mapepala amene asanjikizana. Onani ngati lakunjalo likusendeka louma, kapena likung'ambika tizidutswatizidutswa. Wazani timadzi pang'ono: madzi akalowa, ndiye kuti ndi pepala wamba, losavuta kunyowetsa, akamangotsetsereka, ndiye kuti ndi vinyl kapena pepala lopakidwa kale utoto, ndipo ntchito idzakula.

Kenaka gogodani khomalo ndi nkhonya, kuyambira pansi kufikira pamwamba. Pamene pulasitala wagwira bwino pamamveka phokoso lolimba. Pamene wasiyana ndi njerwa pamalira ngati ng'oma. M'nyumba zakale kwambiri makoma ogawa zipinda ndi siling'i anamangidwa ndi timatabwa topyapyala topakidwa pulasitala wa njereza, ndipo patapita zaka 100 si zachilendo kupeza kuti pepala ndilo lakhala likugwiriziza pulasitalayo. Mukalichotsa mosasamala, khoma limagumuka nalo. M'nyumba zomangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makoma ambiri a m'kati ndi a mabolodi a pulasitala okutidwa ndi pepala lawolawo. Ngati womata woyamba sanapake kanthu pa bolodi asanamate, pepala la maluwa limachoka pamodzi ndi khungu la bolodiyo, ndipo pamatsala zilonda zofuna mmisiri.

Chachitatu, funafunani chinyezi. Gwiritsani ntchito mphuno, maso ndi chikhatho. Fungo la chuku, mabanga ofiirira, timadontho takuda, pepala lotukuka m'mphepete kapena khoma lozizira ndi lonyowa pokhudza, zonsezi ndi zizindikiro. Malo oyenera kuwakayikira ndi makoma oyang'ana kunja, pansi pa mazenera, pozungulira chumuni, m'munsi pafupi ndi pansi, ndi kuseri kwa mipando ikuluikulu kumene mpweya suyenda. Chinyezi chimachokera kutatu: mvula yolowera padenga, pa ngalande ya madzi a padenga kapena pa mng'alu wa kunja, madzi okwera kuchokera m'nthaka, ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo, ya kuphika, kusamba ndi kuyanika zovala, imene imasanduka mame ikakhudza khoma lozizira. M'dziko lozizira ngati Britain, m'mene mazenera amakhala otseka miyezi yambiri, gwero lachitatuli ndilo lofala. Chilichonse chimene mwapeza, konzani gwero lake poyamba. Kukongoletsa khoma limene likulowabe madzi ndi kutaya ndalama, pakuti banga limabwerera nyumba isanapeze ndi wogula yemwe.

Njira yoyamba: kuchotsa

Ngati khoma ndi lolimba ndi louma, ndipo pepala ndi lotha ntchito, kuchotsa ndiyo njira yabwino koposa, chifukwa imachotsanso mantha a wogula. Zida zake si zodula: ndowa, siponji, chopalira chotakata, makwerero ndi nsalu zakale zoyala pansi. Choyamba zimitsani magetsi a chipindacho pa bokosi lalikulu, popeza madzi adzayenderera pafupi ndi masoketi. Pepala la vinyl lisendeni louma kuchokera m'munsi. Khungu la pulasitiki limachoka lonse, ndipo pamatsala pepala lopyapyala losavuta kunyowetsa. Pepala lopakidwa utoto, monga woodchip, licheketseni mizere yosazama kuti madzi apeze polowera, koma samalani kuti mpeni usafike pa pulasitala.

Nyowetsani khoma ndi madzi ofunda othira sopo pang'ono wotsukira mbale, ndipo dikirani mphindi 10 kapena 15. Ambiri amalephera pa kudikira kumeneku. Madzi ndiwo amasungunula phala, ndipo chopalira ntchito yake ndi kungonyamula chimene chafewa kale. Mukaona kuti mukukankha ndi mphamvu, imani, nyowetsaninso. Chopaliracho chigone pafupi ndi khoma kuti nsonga zake zisakumbe. Pamene mapepala asanjikizana ambiri pamafunika makina a nthunzi, amene amabwerekedwa pa mtengo wa tsiku. Makinawa amafulumizitsa ntchito, koma mukawasiya pamalo amodzi nthawi yaitali kutentha kumaphulitsa pulasitala wakale, ndipo madzi ake owira amaotcha manja.

Pepala likachoka ntchito sinathe. Phala lakale limatsala pakhoma, losaoneka bwino koma loterera mukalinyowetsa, ndipo utoto wopakidwa pamwamba pake umang'ambika ndi kusendeka. Tsukani khomalo kawiri, lisiyeni liume, tsekani ming'alu ndi mabowo, ndipo salazani. Khoma likakhala ndi zipsera zazing'ono zambiri, matani pepala loyera lopanda maluwa limene limapangidwira kusalaza makoma, kenaka pakani utoto. Likakhala loonongeka kwambiri, itanani mmisiri kuti apake pulasitala watsopano wopyapyala, wa mamilimita 2 kapena 3. Pulasitalayo amafuna masiku angapo kuti aume, ndipo mumadziwa kuti wauma pamene mabanga akuda onse atha. Utoto woyamba pa pulasitala watsopano ukhale wosungunula ndi madzi kuti ulowerere. Mtundu wake ukhale woyera kapena wotuwa pang'ono, pakuti cholinga ndi chakuti wogula athe kuona katundu wake wa iye mwini m'chipindamo.

Pano ndichenjezepo za nthawi. Kuthamanga sikufika. Chipinda chimene munthu anaganiza kuti adzachimaliza Loweruka limodzi chimatha kutenga milungu iwiri ngati pulasitala wagumuka ndipo mmisiri ali ndi ntchito zina. Chipinda chosiyidwa pakati, khoma lina losendeka ndi lina la maluwa, chimaopsa wogula kuposa mapepala akale amene ali bwinobwino. Motero yambani miyezi iwiri kapena itatu wojambula zithunzi asanabwere, ndipo malizani chipinda chimodzi musanayambe china. Ngati ndalama kapena mphamvu n'zochepa, yambani ndi pakhonde la m'kati pamene mlendo amafikira, kenaka pabalaza, pakuti maganizo a wogula amakhazikika m'mphindi zoyambirira.

Njira yachiwiri: kupaka utoto pamwamba

Amisiri ambiri amainyoza njira imeneyi, koma ili ndi malo ake. Anaglypta ndi woodchip anapangidwa kuti azipakidwa utoto, ndipo ngati agwira bwino pa khoma louma, utoto woyera umawatsitsimutsa pa mtengo wochepa. Imathandizanso pamene mwapeza kuti pulasitala wa pansi ndi wofooka ndipo simungathe kulipira mmisiri. Koma pali zoyenera kutsata. Pepala likhale limodzi lokha, losatukuka, ndipo m'mphepete monse mmene lasiya khoma mumatidwenso. Utoto woyamba ukhale wa mafuta, chifukwa utoto wa madzi umafewetsa phala, pepala n'kutupa matuza, ndiponso mitundu yofiira ya maluwa akale imatulukira pamwamba pa utoto woyera. Vinyl wonyezimira sagwira utoto bwino, choncho ndi bwino kumusenda.

Dziwaninso malire a njirayi. Mizere ya pamene mapepala akumana imaonekabe kwa munthu wopenyetsetsa, ndipo wogula wodziwa ntchito amazindikira kuti pepala lopakidwa utoto lidzamuvuta kuchotsa kuposa losapakidwa. Choncho musayembekezere kuti utoto udzakweza mtengo monga mmene khoma losalala likanachitira. Umangothandiza kuti chipinda chioneke chowala ndi chaukhondo pa chithunzi ndi pamaso.

Njira yachitatu: kusiya

Pali nyumba zimene sizifuna kukhudzidwa. Ngati mawaya a magetsi ndi akale, mapaipi ndi otha, ndipo khitchini yonse ifunika kusinthidwa, wogula adzaswa makomawo poika mawaya atsopano, ndipo utoto wanu udzapita pachabe. Nyumba zambiri za chuma cha masiye zili m'gulu limeneli. Pamenepo chanzeru ndi kutsuka bwino, kumatanso pamene patukuka, kutsegula makatani kuti kuwala kulowe, ndi kuika mtengo wogwirizana ndi mmene nyumbayo ilili. Alipo ogula amene amafunafuna nyumba zotere kuti akazikonze monga akufunira. Funsani ogulitsa nyumba awiri kapena atatu a m'deralo kuti akuuzeni mtengo wa nyumbayo monga ilili ndi mtengo wake itakonzedwa. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo kukachepa poyerekeza ndi ndalama za ntchito, yankho mwalipeza.

Palinso mapepala amene ndi chuma pa okha. William Morris anajambula pepala lake loyamba, lotchedwa Trellis, mu 1862, ndipo mapepala a kampani yake amalemekezedwa kufikira lero. Lincrusta, chophimba khoma cholimba chimene Frederick Walton anayamba kupanga mu 1877 kuchokera ku mafuta a mbewu ya linseed ndi ufa wa mtengo, chimapezekabe m'makonde a m'kati a nyumba za nthawi ya Victoria, ndipo okonda nyumba zakale amakondwa akachipeza chili chonse. Victoria and Albert Museum ku London ndi Whitworth ku Manchester amasunga mapepala akale ochuluka. Komanso ngati nyumba ili m'kaundula wa boma wa nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, chitetezocho chimafika ndi m'kati momwe, ndipo kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo ndi mlandu. Mukapeza pepala looneka lakale kwambiri m'nyumba yotere, siyani chopalira, jambulani chithunzi, ndipo funsani ku khonsolo.

Zoopsa zobisika

Tsopano ndifike pa mbali imene ikukhudza moyo. Siling'i ndi makoma ambiri a ku Britain anapakidwa chokutira cha mabampu chodziwika ndi dzina lakuti Artex, ndipo kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1980 munali kuikidwa asibesitosi. Britain inaletsa kotheratu asibesitosi mu 1999, choncho nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 2000 ingathe kukhala naye penapake. Akasiyidwa osakhudzidwa savulaza. Koma akapalidwa kapena kukwechedwa, fumbi lake limalowa m'mapapo, ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka makumi angapo. Mukapeza chokutira chotere pansi pa pepala kapena pafupi nalo, musachipale kufikira kachidutswa kake katayezedwa ndi akatswiri.

Chachiwiri ndi mtovu. Utoto wakale, makamaka wa nyumba za m'ma 1960 kupita m'mbuyo, unali ndi mtovu, ndipo kugulitsa utoto wotere kwa anthu wamba kunaletsedwa ku Britain mu 1992. Umapezeka kwambiri pa zitseko, pa mafelemu a mazenera ndi pa matabwa a m'munsi mwa khoma, malo omwewo amene munthu amafuna kuwasalaza akachotsa pepala. Fumbi la mtovu limaononga ubongo wa ana aang'ono ndi wa mwana amene ali m'mimba. Chifukwa chake ana ndi amayi oyembekezera asakhale m'chipinda chimene ntchito ikuchitika, ndipo utoto wakale usakwechedwe wouma.

Chachitatu ndi chosowa masiku ano, koma ndi chenicheni. Mu 1775 Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anapanga utoto wobiriwira wowala kuchokera ku mkuwa ndi poizoni wotchedwa arsenic. Utoto umenewo, ndi wina wofanana nawo umene unabwera pambuyo pake, unagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mapepala a m'zaka za m'ma 1800, ndipo ngakhale mapepala ena oyambirira a Morris anapezeka nawo. Madokotala a nthawiyo anachenjeza za ana odwala m'zipinda zobiriwira, kufikira opanga mapepala anayamba kulengeza kuti awo alibe arsenic. Choncho m'nyumba ya nthawi ya Victoria, pepala la pansi penipeni likakhala lobiriwira mowala, lichotsedwe lili lonyowa kuti pasakhale fumbi, munthu atavala magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno. Chophimba chomwecho chimafunikanso pamene mwavundukula chuku chakuda.

Kukonza ndi kubisa

Ndatsala ndi mfundo imodzi, ndipo ndiyo yolemera koposa zonse. Munthu amene wang'amba pepala napeza banga la chinyezi kapena mng'alu waukulu amayesedwa kuti angomatapo lina, kapena kupakapo utoto wochindikala, n'kukhala chete. Zoona, lamulo lakale la ku England limati wogula adziyang'anire yekha. Koma wogulitsa amayankha mafunso olembedwa pa fomu yotchedwa TA6, imene maloya amagwiritsa ntchito ku England ndi ku Wales, ndiponso mafunso ena amene loya wa wogula angatumize. Yankho labodza limatsegula njira ya mlandu pansi pa lamulo la Misrepresentation Act la 1967. Ndiponso bodza silinenedwa ndi pakamwa pokha. Mu 1986, pa mlandu wa Gordon ndi Selico, khoti la apilo ku England linagamula kuti kuphimba dala matabwa owola kuti ogula asawaone kunali chinyengo, ndipo ogulawo anapambana.

Malire ake ndi osavuta kuwazindikira. Amene wakonza denga lodontha, nadikira khoma kuti liume, kenaka napaka utoto, wakonza nyumba. Amene wapaka utoto denga likudonthabe wabisa chilema. Woyambayo asunge malisiti a amisiri, zikalata za chitsimikizo ndi zithunzi za ntchito, pakuti mapepala amenewa amatonthoza mtima wa wogula kuposa utoto uliwonse. Ngati chilema chapezeka ndipo ndalama zokonzera palibe, chinenedwe poyera, mtengo utsitsidwe moyenera. Kutero kumawawa tsiku limodzi, pamene malonda ogwa pa mphindi yomaliza, katswiri atavumbula chimene chinabisidwa, amabwezera munthu pachiyambi atalipira kale maloya, ndipo wogula wotsatira amafunsa chifukwa chake woyamba anathawa.

Tsono, omvera anzanga, ngati inu kapena mbale wanu wa kutsidya kwa nyanja ali ndi nyumba yotere, dongosolo lake ndi ili. Ayambe watukula pangodya, wagogoda, wanunkhiza. Khoma likakhala lolimba ndi louma, achotse pepala ndi kupaka utoto wowala. Likakhala lofooka koma pepala lagwira bwino, angathe kupaka pamwamba. Nyumba ikakhala yofuna kukonzedwa yonse, kapena pepalalo likakhala la mbiri, alisiye. Ndipo chilema chilichonse chimene wapeza achikonze kapena achinene. Maluwa a pakhoma amatha ndi kubweranso monga mafashoni a zovala, ndipo ena a m'ma 1970 amene tawatchula ayambanso kusindikizidwa. Koma wogula wa nthawi iliyonse amafuna nyumba youma ndi mwini nyumba wonena zoona.